Chisoso m'Dengu la Tiyi

Anthu akwathu kuno ku Milonde akafuna kuseka amangofunsana kuti, "Kodi chisoso akugulabe ku shedi?" Musawafunse iwowo, amathira mchere wambiri. Ndikuuzeni ndekha mwiniwake.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4 (aphunzitsi ndi ine sitinkamvana pa nkhani ya Lolemba), koma pa tiyi musandiyambe. Unyamata wanga wonse ndinatchola pa esiteti mpaka kukhala kapitawo. Lamulo lake ndi limodzi: masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Ndinkabweza anthu kumunda chifukwa cha lamulo limeneli. Nditapuma ntchito ndinadzala wanga kuseri kwa nyumba, n'kumagulitsa ku shedi komwe kumabwera lole ya kampani.

Chaka chathachi zinthu zinayamba kupendekeka. Nkhungu ya m'phiri inasiya kuchoka. Ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ine ndinkaona chifunga. Ndinati nyengo yasintha, ndi wailesi yomwe imanena. Kenako kalaliki wa ku shedi, mtsikana wofatsa dzina lake Esinati, anabweza dengu langa. Ndinati ndi watsopano, aphunzira. Atabwezanso, ndinakalipira akazi anga, amake Fanesi, kuti akusakaniza masamba okhwima. Anandiyankha m'Chilomwe, chomwe amasungira masiku a mkwiyo, n'kusiya kubwera kumunda.

Ulendo wachitatu ndinatchola ndekha, ndinavala jekete la ukapitawo, n'kukaima patsogolo pa mzere.

"Mwanangu," ndinatero, "ine tiyi ndinayamba kumugwira amayi ako asanamere mano. Lero undiuze cholakwika."

Esinati sanakangane nane. Anayala thumba pansi n'kukhuthula dengu lonse.

"Agogo, tisankhireni tsamba limodzi labwino, mutiphunzitse tonse."

Ndinawerama mwaufulu, ndinasankha lofewa bwino, n'kulikweza m'mwamba ngati abusa akukweza chikho. Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Abambo inu, chimenecho kwathu timathira tomato."

Chinali chisoso. Ndipo sichinali chokha m'dengumo (zala zanga nazo zinandipereka, zinauma kalekale). Anthu anaseka mpaka dalaivala wa lole anazimitsa injini kuti amve nawo. Esinati yekha sanaseke. Ananditengera kuseri kwa sikelo.

"Agogo, maso anu ayera. Imeneyo ndi ng'ala. Pa Chingerezi amati it is a bitter pill to swallow."

"Unditukwane m'Chichewa kuti ndimve bwino."

"Sikutukwana ayi. Amanena za zoona zowawa ngati piritsi. Mukalisunga m'kamwa limangowawirabe, bola kungomeza."

Ndinamuuza abwereze katatu, chifukwa Chingerezi chaulere sindichisiya. Piritsilo ndinameza ndithu, koma linatenga masabata awiri kuti litsike pakhosi. Kenako mwana wanga Fanesi ananditengera kuchipatala ku Blantyre, adokotala anachita zawo, m'mawa mwake n'kumasula bandeji.

Pobwerera, minibasi itafika pa Thuchila, ndinakweza maso n'kuona phiri lathu lija. Abale anga, ine ndinabadwira pansi pa phiri limeneli, ndimalitchula ngati mlamu wanga, koma tsiku limenelo ndinavula chipewa. Thanthwe la Chambe linaima njo, mwala umodzi kuchoka pansi mpaka kukagunda mitambo. Timadzi tinkatsetsereka pamenepo ngati ulusi woyera. Mtengo uliwonse unali pawokha, ndi nthambi zake. Ndinaona khwangwala akudutsa pakati pa thanthwelo, kakang'ono ngati ntchentche pakhoma la tchalitchi.

"Fanesi," ndinanong'ona, "zonsezi zinalipo masiku onsewa?"

"Sizinachoke, ababa."

Kondakitala anandifunsa ngati ndikudwala, chifukwa misozi inali chuchuchu. Ndinamuuza kuti amene anaika mwala umenewu pano sanafunse kapitawo aliyense.

Kunyumba ndinapeza amake Fanesi pakhonde akusenda chinangwa. Ndinawayang'ana nthawi yaitali.

"Imvi zonsezi mwazitenga liti?"

"Munandipatsa ndinu," anatero osakweza n'komwe mutu. "Popeza mwayamba kuona, talowani muyang'ane denga."

Ndinalowa. Dzuwa linkalowera m'mabowo a malata, ochuluka ngati a sefa. Ndinatuluka mwakachetechete n'kuwafotokozera kuti adokotala anakonza diso limodzi lokha, ndipo loonera denga ndi linalo.

Diso linalo adokotala anandiuza kuti ndipite nalo mwezi wamawa. Ndikuganizabe.