Zitsononkho za a Zakaliya

Ana anga amadziwa kuti mayi awo, a Filomena, ndinawakwatira ku Lifidzi. Chimene sadziwa n'chakuti ndinatsala pang'ono kuphera m'phanga munthu amene ankayenera kuvomereza ukwatiwo.

Ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pashikola ya mishoni, mnyamata wodzimva kuti mutu ulipo. Mawu omaliza pa za ukwati anali ndi a Zakaliya, atsibweni ake a Filomena, munthu wouma pakamwa. Ankhoswe anga atapitako kawiri, iwo anangoti, "Apulofesolo, aphunzitsi anuwo, andiperekeze kumapanga. Ndikayankha pobwera."

Tinanyamuka Lachisanu ana ataweruka. Tinadutsa minda ya kachewere, kukwera ndi kutsika mitunda, mpaka kuja miyala imayera, kumene ankakumba njereza yopakira tchalitchi. Tinagona pakhomo pa phanga. Nkhuni zinali zonyowa ndi nkhungu, choncho a Zakaliya anakolezera moto ndi zitsononkho za chimanga zimene ananyamula m'thumba lachiguduli. (Gwirani pamenepa, chifukwa ine ndinangoti ntchito ya zitsononkhozo ndi yomweyo.)

M'mawa tinalowa, iwo patsogolo ndi nyali, ine pambuyo. Munali mozizira, madzi akudontha kuchokera ku miyala yolendewera ngati mawere a ng'ombe. Pamene njira inagawikana koyamba ndinaona chitsononkho chagwa. Ndinatola. Titakhota kwina, chinanso. Ndinati thumba labooka, koma mkamwini wosalandiridwa n'komwe angauze bwanji munthu wamkulu kuti thumba lanu n'lobooka? Ndinangotseka pakamwa n'kumatola mwaulemu, mpaka chipewa changa chinadzaza. Mumtima ndinkadziyamikira kuti mkulu ameneyu lero aona mkamwini wosamala zinthu.

Tinafika pamalo otakasuka ngati chipinda. A Zakaliya anaika nyali pansi, nagwada, naomba m'manja katatu.

"Muno amayi anatibisa nthawi ya nkhondo, ine ndi akulu anga," anatero osandiyang'ana. "Akulu angawo analowera uko kukafuna madzi, sanabwerenso. Chaka chilichonse ndimabwera kudzawauza za kumudzi. Tsopano miyendo yatha. Ndikufuna wina adziwe njira."

Kenaka anayankhula ndi mdimawo motsitsa mawu: "Achimwene, Filomena wakula. Munthu wake ndi uyu." Misozi inalengeza m'maso mwanga, sindibisa.

Atadzuka anati, "Tiyeni. Tizitsata zitsononkho ndinkaponya zija."

 Ndinangotambasula manja onse awiri, chipewa chili tho.

Anayang'ana chipewa, nayang'ana ine. "Zonse?"

"Zonse, bambo."

Tinayesa njira ina, inakathera pathanthwe. Tinayesa ina, inatibweza m'chipinda chomwe chija. Mafuta atatsala pang'ono, a Zakaliya anazimitsa nyali, tinakhala pansi. Mdima wa m'phanga si wofanana ndi wa kunja, ngakhale dzanja lako sulidziwa pamene lili. Ndinagwira kolona, koma mapemphero ankasokonekera pakamwa. Mantha ndinali nawo, koma chimene chinkandidya kwambiri n'chakuti ndabweretsa mng'ono kudzagona pamene anatayikira mkulu wake, ndipo Filomena sadzadziwa n'komwe pokalira.

Patapita nthawi yaitali ndinamva mawu awo. "Apulofesolo, mwana akapanda kumvetsa pashikola, mumamuuza chiyani?"

"Ndimati afunse, bambo."

"Eya."

 Akanangondimenya mbama, zikanapepukako.

Mwina tinakhala tsiku lonse. Kenaka kudenga kunayamba phokoso la mapiko. A Zakaliya anayatsa nyali msangamsanga. "Kunja dzuwa likulowa, mileme ikutuluka. Onani kumene ikulowera!" Tinaitsatira chokwawa, mawondo akusupuka, ndowe za mileme kumaso. Tinatulukira pakabowo kena kuseri kwa phiri, kumwamba kudakali kofiira. Ndinazindikira pamenepo kuti chipewa chija ndinali ndidakachikumbatirabe, zitsononkho zili momwemo.

 Tinafika kumudzi Lamulungu Misa itatha, anthu ali panja pa tchalitchi, Filomena ataima patali ndi amayi ake. A Zakaliya anaitana ankhoswe anga.

"Nzeru n'zochepa," anatero, "koma mwana wathu sadzatayidwa panjira. Ameneyu amatola. Chaka chamawa thumba adzanyamule ndiye, ndipo aziyenda patsogolo."

Anthu anaseka osadziwa chimene akuseka. Kufunsa sindinaphunzirebe mpaka lero, a Filomena angachitire umboni. Njira yokha ndinaiphunzira, ngakhale a Zakaliya sanaone. Chaka chotsatira ndinapita ndekha, thumba paphewa, ndikuponya chitsononkho pokhota paliponse, kukawauza akulu awo aja kuti mng'ono wawo tinamuika nthawi yokolola.