Buku la Anabanda

Lolemba

Buku lalowa m'nyumba muno! Andibwereka Anabanda, aphunzitsi a mwana wanga woyamba, Chisomo. Awasamutsira ku sukulu ina ku Malomo, ndipo lole ya katundu ikubwera Lamulungu anthu akaweruka ku tchalitchi. "Mulithe msanga, mayi a Chisomo," akutero, "ndisanamange makatoni."

Ndi lonenepa, chikuto chake chomata ndi selotepi, likununkhira m'kabati. Ndili mtsikana ndinkawerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira usipa, zolemba za pa thumba la feteleza, mabuku a achimwene. Amayi ankati tsiku lina ndidzagwera m'chitsime maso ali papepala. Koma chibadwire Chisomo sindinamalizepo buku ngakhale limodzi, ndipo mwanayo pano watsala pang'ono kundipitirira msinkhu.

Dongosolo la sabata ino:
- m'mawa kusesa, kutunga madzi, phala
- kuthandiza bambo a Chisomo kusoka fodya kuchigafa
- masana, Tadala akagona, ine ndi buku
- wondiitana nthawi imeneyo akhale kuti walumidwa ndi njoka

Tadala, mwana wanga womaliza, sakugona. Zaka zitatu zokha, mphamvu ngati kamwana ka mbuzi. Ndawerenga masamba awiri iye atandikwera kumsana. Nkhani ya m'bukuli ndi ya mtsikana amene wathawa kwa amalume ake. Ali pa depoti, chikwama m'manja, basi sinafike.

Lachiwiri

Ndalamula Yamikani, mwana wanga wachiwiri, kuti akaweruka kusukulu azisewera ndi mlongo wake. Ine ndabisala kuseri kwa nkhokwe. Andipeza.

Zondiitanira:
- "Amayi, Tadala wadya choko."
- "Amayi, kodi nyerere zimakodza?"
- "Amayi! Palibe, ndimangofuna ndione ngati mulipo."

Apongozi akudutsa, khasu paphewa. Aima, akundiyang'ana. "Kodi mayeso ndi liti?" Ndikuti kulibe mayeso. "Nanga mukuvutikiranji?" Apita akupukusa mutu.

Zala zanga n'zomata ndi fodya. Pa tsamba lina ndadindapo chala chachikulu chonse, ngati munthu wokavota. Anabanda andikhululukire.

Mitambo yachita bii cha ku Msakambewa. Bambo a Chisomo akukuwa ali kuchigafa: "Mvula iyo, fodya ali panja, inu mudakali ku depoti!" Ndinalakwa kuwafotokozera nkhaniyi.

Basi sinafikebe.

Lachitatu

Wagona! Tadala wagona masana yekha, osamubereka, osamuimbira. Akulu ake ali kusukulu. Ndayala mkeka pakhonde, ndatambasula miyendo.

Basi yafika, mtsikana wakwera, wakhala pafupi ndi mayi wina wolankhulalankhula amene akufuna kudziwa kwawo ndi kuti. Mtima wanga ukugunda ngati wothawayo ndine. Kukoma kumeneku ndinali nditakuiwala: kukhala pakhonde pako, koma uli kutali, kumene palibe wokudziwa kuti ndiwe mayi wa uje. Nyumba ili zii.

Kenako ndikuzindikira kuti zii ameneyu watalika. Dzuwa lapendeka kale. Ndikulowa, ndikumugwira pachipumi. Moto.

Ndamupukuta ndi kansalu konyowa, ndamumwetsa panado. Phala wakana. Ngakhale chimanga chootcha wakana, iye amene amalanda cha aliyense. Sakulira n'komwe, akungondiyang'ana.

Bambo ake akuti tione m'mawa. Buku ndalisiya pamkeka, Chisomo ndiye walilowetsa.

Lachinayi

M'mawa wayamba kunjenjemera, maso atembenuka. Sindikukumbukira kuti ndakuwa, koma apongozi afika akuthamanga, chitenje m'manja.

Njinga yamoto ya kabaza. Msewu ndi matope okhaokha, kukwera chitunda, kutsetsereka, kukweranso. Ndamufungata, ndikumuitana dzina njira yonse. Pa chipatala chaching'ono amubaya chala: malungo. Akuti avuta, tipitirire ku chipatala chachikulu kuboma.

Amuika dripi. Kadzanja kake n'kakang'ono, singano ikuoneka ngati msomali.

Bambo ake afika masana ndi chikwama chimene walongedza Chisomo. Muli zitenje, kapu, supuni, sopo. Pansi penipeni pali buku. "Akuti musasungulumwe," akutero bambo ake. Aima nthawi yaitali kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja. Kenako abwerera. Kunyumba kuli ana awiri ndi fodya.

Lachisanu

Nthawi imene ndakhala ndikuipempha zaka zonsezi ndaipeza lero. Kulibe madzi otunga, kulibe chigafa. Palibe woitana "Amayi!"

Buku lili pamiyendo. Ndatsegula. Mzere umodzi ndauwerenga kobwerezabwereza, sindikumva chimene ukunena. Maso akungothawira ku dripi, kuchoka ku dripi kupita pachifuwa cha mwana, kuona ngati chikukwera ndi kutsika.

Mayi wa pa bedi loyandikana nalo, wa ku Mponela, wabwera ndi kamnyamata kotupa miyendo. Akundifunsa: "Ndi Baibulo, asisi? Tiwerengereniko." Ndikuti ndi nkhani chabe yopeka. "Werenganibe. Tingomvako mawu a munthu."

Ndawerenga mokweza. Amayi ena asendera pafupi, wina akusenda mbatata, wina akuyamwitsa. Mtsikana uja watsika m'tauni, wapita pa nyumba imene anamulondolera, wapeza pali loko. "Ayi ine, mwana wa eni!" akutero wosenda mbatata. "Abwerere kwawo ameneyo." Wina akuti asabwerere, amalumewo ndi afiti. Kwakanthawi taiwala kumene tili.

Kenako kulira kwaphulika kumapeto kwa wodi. Anamwino akoka makatani. Tonse tadzuka, tamanga zitenje, taperekeza maliro tikuimba mpaka pa khomo la nyumba ya chisoni, monga amachitira onse odikirira odwala. Mayi wa mwana womwalirayo ndi wamng'ono kwa ine. Wanyamula nsapato za mwanayo.

Tabwerera, aliyense pa bedi la mwana wake. Palibe wanenanso za buku. Dzanja langa sindikulichotsa pachifuwa cha Tadala.

Loweruka

"Amayi."

Ndikuyesa ndalota.

"Amayi, ndikufuna tiyi."

Tiyi! Ndathamanga wopanda nsapato mpaka ku khitchini ya odikirira, ndapempha moto kwa munthu wosamudziwa. Wamwa theka la kapu, theka wathira pabedi ndi pabuku.

Zimene wachita chidzukire:
- wafuna kuzula dripi
- wauza adokotala kuti ali ndi mphuno yaikulu
- wafunsa ngati Yamikani wadya chimanga chake
- wajambula nkhuku m'buku la Anabanda ndi cholembera cha anamwino, miyendo isanu

Ndamuona akujambula. Sindinamuletse.

Anamwino akuti, "Uyu wachira, wayamba kuvuta." Atipatsa mankhwala okamalizira kunyumba. Mayi wa ku Mponela watsala, mwana wake miyendo sinaphwe. Potsazikana akundigwira dzanja: "Mukadzamva mmene zinathera za mtsikana uja, mudzatiuze." Ndavomera, ngakhale sitinafunsane n'komwe mayina.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinapite. Ndapukuta chikuto ndi kansalu, ndaongola makona a masamba, ndalikulunga m'pulasitiki.

Lole ili kale pakhomo pa Anabanda, matiresi pamwamba. Sakufunsa za buku, akufunsa za mwana. Ndine ndikuyamba kupepesa: chala cha fodya, tiyi, nkhuku. Akutsegula, akuiona nkhukuyo, akuseka mpaka misozi. Akuti likanakhala lawo akanandisiyira, koma ndi la achemwali awo.

"Mwafika pati?"

"Sindinafike ndi pakati pomwe."

"Ndikuuzeni mmene likuthera?"

Ndakana. Ndati tsiku lina ndidzabwera ku Malomo kudzamaliza. Agwedeza mutu. Tonse tikudziwa kuti fodya akachoka kumabwera kukolola, kukolola kukatha kumabwera zina.

Kunyumba phokoso ndikulimvera pamsewu. Chisomo ndi Yamikani akulimbirana beseni, Tadala akulira chifukwa amuletsa kusewera m'matope. Ndakhala pakhonde, ndikungomvetsera. Sindikukalipira aliyense.

M'bokosi la mankhwala a Tadala muli kapepala kopindapinda, zilembo zing'onozing'ono ngati mbewu ya fodya. Kamwedwe kake, zoyenera kupewa, kasungidwe. Ndawerenga konse, kutsogolo ndi kumbuyo, mwana ali pamiyendo panga.

Aka kokha ndakamaliza.