Mboni Zanga Ziwiri kwa Che Ndembo

Anzanga, munthu akakuuzani kuti wapeza nzeru yothetsera ngongole zake zonse tsiku limodzi, mumugwire mkono, mumukhazike pansi, mumupatse madzi amwe. Ine nzeru imeneyo ndinaipezapo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mutu umandizungulira. Inali nthawi ya atsamunda, ine ndili pachikamwini kufupi ndi Nselema kwa mkazi wanga Marita, wopanda munda wangawanga, wopanda mbuzi, chuma changa chonse chili mphasa imene ndinabwera nayo ndi mbiri yoti chinthu chikalowa m'manja mwanga chimaiwala njira yobwerera.

Mbiriyo sindinaipeze ndi kuba iyayi, ndinaipeza ndi maganizo abwino. Che Amadu, telala wa pakhonde la sitolo pa Nselema, anandisokera jekete yakuda yoti ndizivala ku Misa, ine n'kunena kuti ndidzalipira ndikagulitsa nandolo, osakumbukira kuti nandoloyo ndi wa apongozi. Ndiye kuti ndipeze ndalama ya jekete ndinapita kwa Che Bwanali, wogulitsa nsomba za ku Chiuta, anandipatsa dengu la makumba owamba kuti ndikagulitse. Theka tinadya pakhomo, poti munthu sungagone ndi fungo limenelo m'nyumba n'kumadyera chisoso, theka linalo ndinakongoza anthu a mtima ngati wanga womwewu.

Awiriwa sankalalata ayi, bola akanalalata. Tsiku la msika lililonse ankabwera kwathu, kupereka moni waulemu, kukhala pakhonde, osatchula ndalama ngakhale kamodzi, kungokhala basi mpaka nthawi ya chakudya. Nanga mlendo ungamuthamangitse chakudya chitapsa? Ufa wa apongozi unayamba kutha ngati ukuuluzika ndi mphepo. Tsiku lina a Likoswe, atsibweni ake a Marita, eni mbumba, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza mawu ochepa, akuti alendo angawo akadzakhalanso pakhonde paja kamodzi kokha, ine ndimange mphasa yanga ndione msewu. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, koma wanga tsiku limenelo unafupikiratu. Ndinachita mantha zenizeni, chifukwa Marita ndinkamukonda ndipo kwathu kunalibe wondidikira.

Mwamwayi, kapena ndinene mwatsoka, pamsika ndinakumana ndi bambo wina wogwira ntchito ya njanji amene anabwera kudzaona abale. Iyeyo ndiye anandiuza za Che Ndembo a ku Balaka, eni sitolo kufupi ndi siteshoni, kuti amakongoza ndalama zambiri nthawi imodzi kuti munthu akwirire maenje ake onse, atsale ndi dzenje limodzi lokha. Zofunika zinali zitatu: kamphatso kaulemu, chikole, ndi mboni ziwiri zodziwa bwino mmene dzanja lako limayendera pa ndalama.

Ndinapita kunyumba ndikuganiza za mbonizo. Ndani padziko lino ankadziwa dzanja langa pa ndalama kuposa Che Amadu ndi Che Bwanali? Inu mukanasankha ndani? Ndinadziona wochenjera moti ndinaseka ndekha m'njira. Ndinawauza kuti tipite limodzi kwa bwana wina ku Balaka, akandiyamikire pang'ono, ndalama zawo akalandirira pomwepo. Dzina la bwanayo ndinabisa, kuopa kuti angandipitirire n'kukakongola iwowo ndalama zonse, ndipo iwo anangoganiza kuti ndi mmwenye wina wake, anavomera.

Chikole sichinandivute, ndinati jekete ija ikwana. Mphatso ndiyo inasowa. M'mamawa wa ulendo ndinasuzumira m'khola la nkhuku za Marita, zonse zinathawa kupatula thadzi limodzi lonenepa limene linangokhala phee pakona, osasuntha. Ndinati iyi ndiye nkhuku yaulemu, yoyenera munthu wamkulu, ndinaitola n'kuipanira m'khwapa. Marita ndinati ndidzamuuza pobwera, ndalama zili m'thumba.

Njinga ndinalibe, ndiye ondikongoza angawo ankasinthana kundikweza. Tangoganizani, munthu amene wakudyera nsomba zako ukumupalasira chitunda, iye wavala jekete, ali ndi nkhuku m'khwapa! Pofika pa Liwonde dzuwa linali litaswa mtengo, thadzi lija layasamula kukamwa, maso ayamba kutembenuka. Anzangawo, poti onse ndi Asilamu, anapatuka kukaswali, ine ndinatsala ndi nkhuku yofuna kufa. Ndinati ikafa yokha ndataya, ndiye ndinatulutsa mpeni, kuizinga, kuisosola, kuiwamba pamoto wa mayi wina wogulitsa mbatata, n'kuikulunga bwinobwino m'masamba a nthochi. Ndinali ndi anthu awiri odziwa kuchinja paulendo womwewo, koma ine Mkatolika ndinaona chanzeru kuchita ndekha. Atabwerera anandifunsa kuti nkhuku ili kuti, ndinati ikupuma, ndipo sindinaname kwenikweni.

Tinaoloka Shire, tinagona kwa m'bale wake wa Che Bwanali, mawa lake tinapitiriza. Titayamba kuona utsi wa sitima ku Balaka ndinati tsopano palibe choopa, ndinawauza kuti bwana wathu ndi Che Ndembo. Njinga zonse ziwiri zinaima nthawi imodzi, ine ndinatsala pang'ono kudya fumbi. Che Amadu anagwira pamimba, akuti mwayamba kupota. Che Bwanali anatsika n'kuyamba kufinya tayala lawo, akuti laphwa, tayala lolimba ngati mwala. Ine osamvetsa kanthu, ndinaganiza kuti ndi manyazi a anthu akumudzi poopa munthu wolemera, ndiye ndinayamba kuwalimbikitsa, ine amene, kuti asaope, olemera ndi anthu ngati ife tomwe. Ndinakoka njinga imodzi ndi dzanja ili, ina ndi dzanja ili, iwo akutsatira njinga zawo, mpaka tinatulukira pa sitolo.

Pakhonde panali bambo wamfupi, mkanjo woyera, kachipewa koluka, akuwerenga mikanda ya pemphero m'manja. Asanationetse n'komwe mpando anati, "Che Amadu! Che Bwanali! Mwakumbukira njira lero?" Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati taonani, mboni zanga n'zodziwika mpaka ku Balaka, ndalama zija ndatenga kale.

Titapatsana moni ndinafotokoza nkhani yanga, kuti ndili ndi tingongole tobalalika ndipo ndikufuna tikhale pamalo amodzi. Kenako ndinagwada n'kupereka mphatso ndi manja awiri. Che Ndembo anatsegula tsamba limodzi ndi chala, anayang'ana, n'kufunsa mofatsa kuti wachinja ndani.

"Ndazinga ndekha, bwana, ndi mpeni wanga womwewu," ndinatero monyadira.

Che Amadu anatseka maso, Che Bwanali anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Ine ndinaganiza kuti bwanayo wakhumudwa poti akanakonda yamoyo yoti aziweta, ndiye pofuna kukonza ndinawonjezera kuti asadandaule, inali itatsala pang'ono kufa yokha. Che Ndembo anapukuta chala chija pa mpango nthawi yaitali, n'kundipempha kuti ndikaike mphatso yangayo kutsidya kwa msewu. Pobwerera m'pamene zinandifikira m'mutu kuti ndapatsa Msilamu nyama yozinga ine, ine wokulira pakati pa Asilamu, wodziwa bwino lomwe kuti pa ukwati timaitana Shehe kuti adzachinje mbuzi. Nzeru zimapita kuti munthu ukazifuna?

Ndinati palibe kanthu, chikole chikonza zonse. Ndinavula jekete, n'kuiwala kuti malaya amkati analibe msana, anthu ogula m'sitolo anayamba kusuzumira. Che Ndembo analandira jekete ija, anaisisita, anaitembenuza, anaiyang'anitsitsa m'mphepete mwa nsalu. Koma m'malo moyang'ana ine mwini wake, anayang'ana telala.

"Che Amadu, nsalu iyi si ija munati inadyedwa ndi makoswe?"

Makoswe? Ine ndinaona ngati akunyoza chikole changa, ndiye ndinalowererapo msanga. Ndinati iyayi bwana, palibe khoswe anaikhudza, ndinaona ndi maso anga Che Amadu akuidula pa mpukutu watsopano, yonunkhira kusitolo. Che Amadu anandiponda chala, ine n'kusuntha mwendo poganiza kuti malo achepa.

Che Ndembo anapinda jekete n'kuikhalira. Kenako anafunsa Che Bwanali kuti munthuyu amamudziwa bwanji pa nkhani ya ndalama. Che Bwanali anayamba kuyang'ana kumene anaimika njinga yawo. Mboni yanji yosalankhula? Ndinawakumbutsa mokweza kuti anene za dengu la makumba lija, lalikulu lija, limene anandikhulupirira nalo popanda chikole chilichonse.

"Dengu lake lomwe lija," anatero Che Ndembo pang'onopang'ono, "limene munati linamira ku Chiuta bwato litagubuduka?"

Apa ndiye mutu unaima. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi nsomba tinadya zija zinali zomira? Nanga nsomba imamira bwanji? Ndipo bambo ameneyu, wokhala ku Balaka, akudziwa bwanji za jekete yanga ndi ndiwo za apongozi anga? Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi wamankhwala, ndinachita chizindikiro cha mtanda mobisa.

Che Ndembo anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kachipewa kanagwa. Atapuma anandifotokozera ngati akufotokozera mwana. Makina osokera a Che Amadu anali awo, nsalu zonse zinali zawo. Bwato ndi maukonde a Che Bwanali zinali zawo, nsomba zinali zawo. Awiriwa, poona kuti ine sindilipira, anachita manyazi kunena kuti anakongoza katundu wa eni ake kwa munthu ngati ine, wina ananamizira makoswe, wina ananamizira nyanja, ndipo kuyambira pamenepo ankaizemba Balaka.

"Ndiye bambo," anatero akupukuta misozi, "mwayenda ulendo wonsewu kuti ngongole zanu zikhale pamalo amodzi? Zakhala zili pamalo amodzi chiyambire. Malo ake ndi ano. Mwabwera kudzakongola kwa ine ndalama zoti mundibwezere ine, chikole chake nsalu yanga, mboni zake akuba anga."

Ndinafunsabe, anzanga, ndinafunsa ndithu, kuti ndiye ndalamazo ndilandira liti. Sitolo yonse inagwa ndi phwete.

Chigamulo chinali chachifupi. Tonse atatu tinatsala pa Balaka kunyamula mabelo a thonje a Che Ndembo kukweza m'sitima mpaka ngongole itatha. Tinkagona pakhonde limodzi, mboni zanga osandilankhula, ndipo nkhuku ija ndinakaitola kutsidya kwa msewu n'kudya ndekha, iwo akundiyang'ana ngati ndikudya mbale wawo.

Mwezi utapita ndinabwerera ku Nselema wapansi, wopanda jekete, mapewa atasupuka, koma wopanda ngongole kwa nthawi yoyamba chikwatirireni. Ndinkayenda ngati mfumu. Ndikulowa pakhomo ndinaona mphasa yanga itamangidwa kale, itatsamira nkhokwe, a Likoswe atakhala pambali pake. Iwo analibe nazo ntchito zoti alendo aja sadzabweranso, akuti mkamwini wosowa mwezi wathunthu osatsanzika wadzichotsa yekha. Ndinayang'ana mphasa, ndinayang'ana msewu, ndipo ndikunena zoona misozi inali pafupi.

Marita anatuluka m'nyumba, sanandipatse moni, sanafunse za jekete kapena za mapewa. Anagwada pamaso pa atsibweni akewo.

"Atsibweni, awa asachoke. Anatenga thadzi langa likufungatira, mazira onse anaola. Anapiye amenewo akanakula n'kuswa awo, awonso n'kuswa awo. Akachoka andilipira ndani?"

Kufatsa konse kuja kwa nkhuku yaulemu ija, kani inali pa mazira! A Likoswe anaganiza pang'ono, anaona kuti mbumba yawo ingaluze, anandiponyera mphasa ija kuti ndikaiyale pomwe inali.

Ndiye ngongole imene inafuna kundichotsa pamudzi inatha, imene inandisunga ndi ya nkhuku, ndipo imeneyo siitha. Chaka chilichonse Marita amaiwerengera, thadzi lija pano lili ndi zidzukulu zodzaza boma lonse la Machinga, ndipo ndikangotchula zokaona abale kwathu amandikumbutsa kuti wangongole sapita kutali. Ine ndinalumbira kuti sindidzayesanso kusonkhanitsa ngongole pamalo amodzi, zizikhala momwazikana momwemo, ndipo tsiku lina wina akadzafuna mboni zodziwa dzanja langa, ndidzatenga anthu amene sanandionepo chibadwire.