Chitseko Chimene Munaiwala Kupaka

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani Yowalitsa Magalimoto ya Ngwee.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo anga masiku ano amalira ngati kabati yakale. Ndine mphunzitsi wopuma uja wa galimoto yobiriwira. Ndikupempha chifundo, osati cha ine, koma cha chitseko chimodzi, cha mbali ya dalaivala, chimene mwalonjeza kudzachimaliza Lolemba.

Galimotoyo inali ya malemu akazi anga. Ine chiwongolero sindichidziwa. Zaka zonse ankayendetsa ndi iwo, ine pambali ndi buku pamiyendo, kuwerenga mokweza mpaka atanena kuti, "Bambo, tsekani bukulo, mundigwetsera m'ngalande ndi tulo." Titawaika m'manda, mkamwini wanga anati tiipake seramiki, mankhwala amadzimadzi aja amene akauma amalimba ngati galasi pamwamba pa penti, kuti ikhale monga anaisiyira. Wolira samugwira pakamwa, koma pamkono amakokeka mosavuta. Ndinavomera.

Ndiloleni ndiyambe ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo posadzivutitsa ndi kuitsuka. Ndinawerengapo kuti mafumu ena akale ankaumitsidwa akafa kuti asawole. Ulemu womwewo mwaupereka kwa udzudzu wina pa boneti, miyendo ili tambalale, pamodzi ndi zitosi za mbalame padenga. Zimenezi zidzaona zidzukulutudzi zanga.

Chachiwiri, zikomo popaka padzuwa. Ndamva kuti amisiri amantha amapaka pamthunzi, kachigawo kakang'ono, n'kupukuta ndi kansalu kofewa mankhwala asanaume. Anu ndi olimba mtima. Anapaka galimoto yonse kamodzi n'kupita kukaonera mpira. Lero ili ndi mizere ya mbidzi m'mbali, zigamba zakuda kumbuyo, ndi utawaleza wosadikira mvula. Telala woyandikana nane wandifunsa ngati nsalu yake imapezeka m'masitolo.

Chachitatu, munditulire ulemu kwa kapitawo wanu. Ndinadandaula tsiku lomwelo, mankhwala asanalimbe, pamene kansalu kokha kakanakonza zonse. Iye anandisisita paphewa, amvekere, "Madala, zimenezi zimakhazikika zokha." Munthu wachilungamo ameneyo. Zakhazikikadi.

Chachinayi, zitalimba, munati zifunika makina opukutira, ndipo munatipatsa katswiri amene anzake amamutcha Kamvuluvulu. Anakanikiza makinawo m'mphepete mwa buti mpaka penti yobiriwira inatha, panatuluka yotuwa ya pansi. Nditaloza, anati kumeneko ndiye kuwala kwa mkati. Ndawerenga anzeru ambiri, Bwana, koma wofika pamenepa sindinakumane naye.

Tsopano za chitseko chija, ndipo apa kuthokoza kwanga n'kochokera pansi pa mtima. Tsiku lopakalo galimoto munaiimika kufupi kwambiri ndi khoma, moti munthu sakanadutsa. Kuisuntha kukanafuna kuti wina akatenge makiyi ku ofesi. Choncho chitsekocho chinatsala osapakidwa, osakhudzidwa n'komwe.

Pansi pa windo lake pali malo osuluka, kukula kwake ngati chikhatho. M'pamene malemu ankalendewetsa mkono poyendetsa, zala zikugogoda penti akapsa mtima ndi wa njinga. Ndinkawauza kuti alowetse mkonowo, lole idzaudula. Ankati mkono ndi wawo, ine ndisamale masamba a buku langa. Zaka zonsezi malowo sindinawaone. Ndinawaona galimoto itabwera kuchoka kwa inu, kwina konse kukuthwanima ngati nsomba yovunda, pokhapo pali phee. Zovala zawo zinagawidwa, fungo lawo m'chipinda likutha. Mmawa ndikatuluka panja ndimaika dzanja pamenepo, kenaka n'kukamwa tiyi.

Dzulo mlembi wanu wandiimbira foni mokondwa. Akuti mwazindikira kuti chitseko chinaiwalika, ndipo Kamvuluvulu adzachikwecha mpaka banga loipalo lichoke, n'kupakapo seramiki, zonsezi mwaulere. Ndinakana, koma makiyi ali ndi mkamwini, yemwe tsopano ndiye amaiyendetsa, ndipo mawu akuti ulere amamutseka makutu. Iye akuti galimoto yowala mbali zitatu imachititsa manyazi ku ntchito. Lolemba akubwera nayo.

Pempho langa nali, ndapinda manja. Mizere, zigamba ndi utawaleza zichotseni ngati mungathe. Pukutani pamthunzi, pang'onopang'ono, makina asakhale malo amodzi. Udzudzu uja mumasuleni, wagwira ukaidi wosalakwa. Koma chitsekocho musachikonze. Ndikudziwa kuti ndikupempha kampani yotchuka kuti ilandire ntchito n'kusaigwira, ndipo sindikanalimba mtima chotere ndikanapanda kuona ndi maso anga kuti luso limeneli muli nalo.

Simufunika kuuza aliyense kanthu, pakuti ndaona kuti malangizo amawasokoneza amisiri anu. Mkamwini akafika, mungomulozera pakhoma pomwe paja, aimike mothinana ndithu, makiyi muwapachike ku ofesi. Zotsalazo anthu anu adzazichita okha.

Ine wanu wogonjera,
wokhala mpando wa pambali.