Pali Dzanja la Munthu

Lolemba

Ndabwerako ku Nathenje. Maphunziro atha. Ndili ndi tisheti yobiriwira yondifika m'mawondo, pepala lalikulu la zithunzi, ndi mutu wodzaza mpaka kutayikira.

Anandisankha chifukwa cha pakamwa. Anati tikufuna munthu woti akalankhula pamsika wa Mitundu, amve ndi a kogulitsa mbuzi omwe. Onse anacheukira ine. Chabwino, sindikana. Wogulitsa tomato wamanyazi amadya yekha tomato wake.

Ntchito yathu tsopano ndi kulimbana ndi nkhani zabodza za kusintha kwa nyengo. Aphunzitsi athu, mayi wa magalasi wolankhula mofatsa ngati namwino, atipatsa malamulo:

- Usayambe ndi bodzalo. Yamba ndi zoona, bodza ulitchule kamodzi, utseke ndi zoona. Lipanikizike pakati ngati mwana pa kabaza.
- Lankhula Chichewa cha kumudzi, osati cha m'mabuku.
- Usanyoze munthu, ngakhale akunena zopusa. (Ili lindivuta.)
- Peza munthu amene anthu amamukhulupirira, akuthandize kunena.
- Uza anthu zoona bodza lisanawapeze.

Akuti aliyense asankhe bodza limodzi kwawo, alithetse sabata ino. Anzanga akukanda mitu kufunafuna. Ine langa lili pakhomo.

Disembala walowa, mvula kulibe. Mizere tinapanga kalekale, mbewu zili m'nyumba, fodya kunazale wakula mpaka anthu atopa kuthirira. Ndiye kwamveka kuti mvula aimanga ndi atsibweni anga a Yosofati, mlongo wawo wa mayi anga, kuti njerwa zawo ziume. Atsibweni! Munthu woti akamanga mbuzi m'mawa, masana ili m'dimba la eni ake, iyeyo amange mvula?

Njerwazo zilipodi, zadzaza bwalo, zosawotcha. Aumba mochedwa chifukwa mwana wawo Esinati wabwerako ku esiteti ukwati utatha, ana ali m'manja, ndipo onse akupanikizana m'kanyumba kamodzi. Akufuna kumumangira yake. Mlandu wawo ndi umenewo basi.

Koma si zoseka. Kuno munthu akanenedwa kuti akumanga mvula, zimathera pomuphwanyira katundu, mwinanso kuposa apo. Pofika Lamulungu dzina la atsibweni likhala litayera, njerwa zawo zili pomwepo. Ndanena ine.

Lachiwiri

Kumwamba: mbee.

Kumjigo m'mawa, tisheti ili m'thupi. Amayi ambiri, mzere wa zigubu wautali, wothawa palibe.

Njira yonse ndikuganiza mmene ndinenere mfundo yaikulu ya aphunzitsi, yoti nyengo sikusintha yokha koma chifukwa cha zochita za anthu. Za m'mabuku ayi, lamulo lachiwiri. Ndiye mawu akungobwera okha, ozuna.

Ndikuimitsa wopopa. Ndikuti: "Amayi, kuchedwa kwa mvulaku si kwa chilengedwe ayi. Anthu ophunzira afufuza ndipo apeza. Pali dzanja la munthu."



Nachisale, mayi amene amadziwa nkhani ya munthu mwini wake asanaidziwe, akuomba m'manja kamodzi: "Si ndimanena ine!" Wina kumbuyo: "Mpaka ophunzira aona?" Ine: "Aona, ndi makina omwe."

Pa bodza sindikufikapo, pa zoona zotsekera sindikufikapo. Onse akusenza madzi mothamanga, ena zigubu zisanadzaze n'komwe. Uthenga wawagwira mtima!

Zotsatira za lero:

- omvera: onse
- otsutsa: palibe
- amene ndamunyoza: palibe!

Ntchito imeneyi anthu amangoikuza. Ndikanapita patali ndi sukulu bwenzi pano ndili pa wailesi.

Lachitatu

Kumwamba: mbee, ndi kamtambo kamodzi kosochera.

Pamsika. Mayi wina wachilendo akusankha tomato wanga uku akundinong'oneza: "Mwamva za mkulu womanga mvula uja? Akuti wamuulula pamjigo ndi mwana wa mlongo wake yemwe. Anachita kupita kusukulu, makina anamuonetsa nkhope."

Mayo ine!

Dzanja la munthu! Mawu amene timanong'onezana pamaliro okayikitsa, munthu akamwalira dzulo lake akulima bwinobwino. Ndabadwira konkuno, ndakulira konkuno, ndipo ndawatola ndekha mawu amenewo n'kuwaika pa mvula, nditavala tisheti.

Ndikumuuza mayiyo kuti ndi bodza. Akuti: "Inu mungadziwe kuposa mwana wa mlongo wake?" Ndikuti mwanayo ndine. Akundiyang'ana kumutu mpaka kumapazi. "Pepani mayi, mwalimba mtima. Kuulula wachibale si masewera." Akugulanso mulu wina, wachisoni.

Madzulo ndikuitana anthu pansi pa mtengo wa mango kuti ndikonze. Ndikutambasula pepala la zithunzi lija. Dzanja si la munthu mmodzi ayi, ndi la anthu ambirimbiri, makamaka a mayiko olemera. Ndikuloza chimodzichimodzi: mafakitale a kunja, magalimoto, mitengo yodulidwa ngati mmene tikuonera ku Dzalanyama, matumba a makala. Zikuyenda bwino. Ena ayamba kugwedeza mitu.

Chithunzi chomaliza, cha pakona, ku Nathenje sindinachiyang'anitsitse. Uvuni wa njerwa ukufuka utsi. Pambali pake bambo wa chipewa cha mlaza.

Atsibweni chipewa cha mlaza amavula m'tchalitchi mokha.

Mwamuna wa Nachisale: "Ajambula bwino, koma awanenepetsa."

Ndikupinda pepala. Amene anajambula chithunzi chimenecho Mulungu amukhululukire, ine ndikanaganiza kaye.

Lachinayi

Lamulo lachinayi, munthu wokhulupirika. A Chikafa, mkulu wa mpingo, munthu woti akatsokomola anthu amati ameni.

Ndikuwafotokozera zonse, pang'onopang'ono: utsi ukuchuluka mumlengalenga, dziko likutentha ngati munthu wofunda bulangete mu Okutobala, mvula ikusokonekera. Ndikubwereza kawiri kuti si atsibweni. "Zoona mayi, zoona." Avomera kunenapo pamapemphero a amayi masana.

Pemphero lawo: "Ambuye, mwamva kwa mtumiki wanu wophunzirayu kuti mvula yatsekeka ndi zochita za anthu. Ife sititchula dzina, Inu mukumudziwa. Mufewetseni mtima."

Ameni wake, malata kunjenjemera!

Ndikupita kwa atsibweni. Ndimayenera kuyambira kumeneku Lolemba. Ali pakhonde, akusema mpini. Mwini ngolo amene amayenera kubweretsa nkhuni zowotchera njerwa watumiza mawu kuti ng'ombe zadwala. Ndaziona m'mawa ng'ombe zimenezo, zikukoka mchenga. Mzere umodzi wa njerwa wapondedwapondedwa, mapazi ake a anthu akuluakulu. Ana a Esinati sanapite kusukulu, anzawo awapekera nyimbo.

Atsibweni sakundikalipira. Bola akanandikalipira. Akungoti: "Iwe, kusukulu kwako kuja anakuuzadi kuti ndine?"

Ndikugwada, ndikufotokoza, Chichewa chikundithawa, ine wa pakamwa uja. Akuti: "Chabwino. Dzuka, udetsa malaya atsopano."

Manyazi andigwira. Munthu ameneyu ndiye anandigulira nsapato zanga zoyamba.

Lachisanu

Wailesi m'mawa: azanyengo akuti chigawo chapakati mvula yamphamvu iyamba kumapeto a sabata ino. Aleluya!

Nayi nzeru, ndipo ndi yangayanga. Mvula ikagwa njerwa zili pabwalo, zofundidwa bwinobwino, bodza lafa lokha. Womanga mvula wanji amene mvula ikumugwera pa njerwa zake? Lamulo lomaliza lija: anthu amve zoona bodza lisanawapeze.

Zochita:

- kubwereka mapepala apulasitiki a pachigafa cha fodya kwa alamu anga, ofundira njerwa
- kuuza aliyense kuti mvula ikubwera, isanabwere
- osatchula dzanja, mkono, chala, kapena chiwalo chilichonse
- pepala la zithunzi likhale pansi pa matiresi

Kumjigo, kuchigayo, pamsika, pasiteji ya akabaza: "Mvula ikubwera mawa kapena mkuja, konzani mbewu! Zanenedwa pa wailesi!" Mawu mpaka asasa. Tomato ndasiyira mnzanga wa anyezi, kaya akugulitsa kaya akudya.

Nachisale: "Mawa? Tsiku mwalidziwa bwanji?" Ine: "Wailesi." Iye: "Ehee. Wailesi." N'kutsinzinira mnzake. Lamulo lachitatu ndalisunga ndi mano.

Ndikutumiza uthenga wa mawu kwa aphunzitsi, wautali mpaka foni kutentha, kufotokoza zonse kuyambira kumjigo. Yankho: kachithunzi ka chala chachikulu choimika, ndi mawu akuti, "Mukuchita bwino mayi, tumizani zithunzi."

Mapepala ndawapeza dzuwa litapendeka, ndi olemera. Ndiwapititsa mawa m'mamawa, ndipo atsibweni ndikawauza komweko. Ndikufuna ndione nkhope yawo ikamva.

Kumwamba cha ku Dzalanyama kwayamba kuda.

Loweruka

M'mamawa, mapepala pamutu, ndikuyenda ngati wapambana mlandu. Ndikufika pabwalo la atsibweni.

Njerwa palibe. Pali zibuma zokhazokha.

Esinati akundiuza, maso ofiira. Dzulo masana, ine ndili kalikiliki kulengeza, amuna angapo anabwera kudzaima pamsewu, osalonjera, osalankhula, kumangoyang'ana pakhomo. Ana anali kusewera pakhonde. Atsibweni sanadikire. Anatenga khasu, anawaitana amunawo kuti asendere aone bwino, n'kuphwanya okha, mzere ndi mzere.

Atsibweni akuti: "Dothi ndi dothi, ndidzaumba lina. Mutu wa mdzukulu wanga sindingaumbe."

Ndikufuna kukuwa kuti mukanadikira tsiku limodzi lokha! Koma anawauza ndani? Za mvula ndauza Mitundu yonse, mpaka agalu. Iwo okha ayi.

Masana mphepo, fungo la dothi, kenako mvula. Osati yamasewera. Panja ana a pamudzi kuvina, amayi nthungululu. Zibuma kusungunuka, madzi ofiira kutsetsereka kupita kudambo. Ife tili m'kanyumba kaja, ine, atsibweni, Esinati ndi ana, mawondo kugundana. Mapepala ndinabwereka aja tatsekera pamene denga likudontha.

Zimene zatsimikizika pamudzi lero:

- njerwa zaphwanyidwa dzulo, mvula yagwa lero
- ine ndinadziwa tsiku, ndiye kuti anandiuza ndi eni ake
- wailesi nayo inamva kwa ine

Mvula itakata ndikukumana ndi Nachisale panjira, wanyowa, akuseka ndi mano onse. Ndikumuuza kuti ku Nathenje yagwa, ku Nkhoma yagwa, mpaka m'tauni yagwa. Kodi njerwa za atsibweni zinamanganso ya ku Nkhoma?

Akuti: "Ndiye muone mphamvu zake."

Sindinamunyoze. Ndinalibe mphamvu.

Lamulungu

Tisheti ndapatsa Esinati, ikhale yolimira.

Kutchalitchi kwadzaza, nkhope zowala, mawa aliyense akudzala. Nanenso mvulayi ndakondwa nayo, ndisaname. A Chikafa akuthokoza Mulungu chifukwa cha mtima umene wafewa.

Ndikuyang'ana mbali ya abambo. Atsibweni ali pabenchi lawo la masiku onse, jekete lochapa, manja pamawondo. Benchi lonse ndi lawo okha. Abambo ena apanikizana kumbuyo, ena aima kukhoma.

Potuluka palibe wowatukwana. Anthu akuwapatsa moni ali chapatali, mwaulemu wonse, manja pachifuwa: "Zikomo a Yosofati, mwatikumbukira." Iwo akungoti zikomo.

Aphunzitsi akufuna lipoti la sabata. Ndawatumizira: bodza lili bwino, lanenepa.

Masana pakhonde pa atsibweni, tikuswa mtedza wa mbewu. Nyumba ya Esinati idikira chilimwe. Mwadzidzidzi atsibweni akuti: "Tandiuza bwinobwino za nyengo zakozo. Ine sindinazimve."

Ndikufotokoza, popanda malamulo, popanda pepala. Utsi wa mafakitale, ndege ndi magalimoto a mayiko akutali. Zaka ndi zaka ukuunjikana kumwamba. Dziko likutentha, mvula yataya kalendala. Akumvetsera mpaka pamapeto, osandidula. Sabata yonseyi ndi munthu woyamba kumva zimene ndikunena, osati zimene amafuna kumva.

Akufunsa ngati uvuni wawo ukanawonjezerako utsiwo. Ndikuti pang'ono, ngati malovu mumtsinje, koma mitengo yowotcherayo ndiyo imatipweteka. Akuvomera ndi mutu. Mitengo akuikumbukira yonse, pamene inali ndi amene anaidula, iwo omwe ali m'gulu.

Kenako akufunsa:

"Ndiye eni ake utsi waukuluwo, kwawoko, kutchalitchi amakhala okha pabenchi?"

Ndikuti sindikuganiza choncho, atsibweni.

Akuti: "Oo."

Akukokera lichero kufupi. Tikupitiriza kuswa mtedza.