Kalabu ya Chesi ndi Msana Wanga

Lolemba

Tchuthi chachikulu chayamba, ndipo lero ndatsegula Kalabu ya Chesi ya ana a pulayimale kuno ku Chiringa. Malo ake ndi khonde la nyumba yanga. Zolinga:

kuti ana aziganiza asanagwire kanthu;
kuti aphunzire kukhala chete;
kuti Loweruka tichite mpikisano pamaso pa makolo.

Munthu wophunzitsa masamu kusekondale sangalephere kulamulira ana ochepa pakhonde.

Anyamata akudumphitsa asilikali ngati akusewera drafuti, ndipo mmodzi wadya mfumu ya mnzake n'kupitiriza masewero. Koma pali mtsikana wa Sitandade 6, dzina lake Esinati. Ndamuonetsa kamodzi kokha kayendedwe ka kavalo. Wayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenaka waopseza mfumukazi yanga ndi nsanja nthawi imodzi. Zimenezo sindinamuphunzitse! Masewero athu sanathe, chifukwa kumsana kwake kuli mlongo wake wakhanda, Yosefe, amene wadzuka ndi mfuu. Bolodi ndaliika pamwamba pa kabati monga lilili. Mwana ameneyu ayenera kumaliza masewero amodzi, zivute zitani.

Lachiwiri

Esinati sanabwere. Ndawalondola amayi ake kumunda. Akuti: "Aphunzitsi, nandolo wauma, akuthetheka yekha. Khandali ndisiyire ndani? Akafuna zachesizo azibwera nalo."

Ndalingalira mwadongosolo pobwerera. Vuto si Esinati. Vuto si amayi ake, pakuti nandolo sadikira. Vuto silingakhalenso Yosefe, amene sanasankhe kubadwa m'chaka chino. Chotsala ndi msana: khanda lifunika msana, ndipo palibe lamulo loti ukhale wa Esinati. Tsono pakhonde panga pali msana umodzi umene sukugwira ntchito iliyonse.

Mfundoyi ndaiyesa mbali zonse. Ilibe chilema.

Lachitatu

Chitenje n'chovuta kuposa mmene chimaonekera. Poyamba Yosefe watsetserekera m'chiuno. Kachiwiri wabwera kukhwapa. Amayi a nyumba yoyandikana ndi yanga akufuula ali pa mpanda: "Weramani, aphunzitsi! Si thumba la chimanga limenelo!" Andimanga okha, mfundo ili pachifuwa, ndipo kupuma ndikupuma mwa theka.

Nyimbo zotonthoza ana za kuno ndi za Chilomwe ndipo sindizidziwa, choncho ndikumuimbira matebulo a masamu. Akugona. Sindikudziwa ngati ndiyenera kukondwa kapena kudandaula.

Esinati wadya bishopu wanga. Tisanapite patali ndamva kufunda kumsana, kukutsikira m'lamba. Masewero aimanso. Opita kuchigayo atsika panjinga kuti aone bwino. Mmodzi akuti: "Wakukondani ameneyo!"

Malaya ali pa chingwe. Mtima uli m'malo.

Lachinayi

Nkhani yafika kumjigo. Chilema cha mfundo yanga chaoneka: ndinaganizira khanda limodzi, pamene nandolo wauma m'minda yonse.

Zofika m'mawa uno: atsikana amene sindinawaonepo, aliyense ndi khanda, mbale za phala, matewera, mbatata yootcha, mphasa. Palinso kamnyamata kongoyamba kuyenda kumene, kobwera popanda mlezi, ndipo sindikudziwa kuti n'ka yani.

Ndafotokozera azimayi amene awaperekeza momveka bwino kuti ino ndi kalabu ya chesi, osati sukulu ya mkaka, ndipo ndapereka zifukwa zake. Amvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. "Tamva, aphunzitsi. Tidzawatenga dzuwa likapendeka. Uyu akalira mum'patse mbatata."

Anyamata achoka onse kupita kokumba mbewa. Akuti pakalabu pachuluka phokoso. Iwowo!

Bolodi la Esinati silinatsike pakabati.

Lachisanu

Zoonongeka pa bolodi lophunzirira: bishopu watafunidwa mutu, nsanja yapezeka m'phala, asilikali ena ali pansi pa mphasa. Cholinga cha kukhala chete ndachichotsa. Cholinga choti munthu aganize asanagwire kanthu sichikugwirizana ndi msinkhu wa mamembala ambiri.

Komabe pali zophunzira. Kulira kwa njala n'kosiyana ndi kulira kwa tulo, ndipo tsopano ndikutha kuzisiyanitsa ndili kukhitchini. Kamnyamata kosadziwika kaja n'ka mlonda wa pasukulu.

Ahedi adutsa panjinga ndili ndi Yosefe kumsana, wina m'manja. "Achimwene, mwakwatira liti osatiitana?" Ndayamba kuwalongosolera, koma anali atapalasa kale.

Esinati akufuna kundithandiza kuchapa matewera. Ndamuletsa. Ndamukhazika pampando kuti aone bolodi lake pakabati, osaligwira. Wakhala choncho mpaka masana, milomo ikuyenda.

Loweruka

Mpikisano kulibe. Ogula nandolo afika ndi masikelo awo pamsika, ndipo makolo onse ali kumeneko. Opikisana otsala: Esinati yekha. Oonerera: ambiri, koma onse ali pamphasa ndipo ena akugona.

Tatsitsa bolodi. Ine ndikusewera choimirira, ndikugwedezeka, chifukwa Yosefe salola kuti ndikhale pansi. Esinati wapereka mfumukazi yake dala. Ndaidya mokondwa. Posakhalitsa mfumu yanga yasowa kolowera!

Akufunsa: "Ndiye athera pamenepa?" Ndavomera. Iye: "Tiyambirenso."

Madzulo ndabwereza masewero onse ndekha, kuti ndione ngati khanda ndi limene linandisokoneza. Choona chiyenera kulembedwa: silinandisokoneze. Ndikadakhala pampando, m'chipinda cha zii, ndikadagonjabe. Sindikumbuka tsiku limene ndinasangalala chotere chifukwa chogonja.

Amayi ake abweretsa beseni la nandolo. Akuti Esinati azibwera mpaka sukulu itsegulidwe, "bola dongosolo likhale lomweli." Dongosolo lake ndine.

Lamulungu

Kutchalitchi. Ndakhala mbali ya abambo monga mwa nthawi zonse, nditavala jekete. Ulaliki uli pakati, Yosefe wayamba kulira mbali ya azimayi. Amayi ake ayesa, wakana. Esinati ali kukwaya.

Ndikuona khanda likuyenda m'manja mwa anthu, benchi ndi benchi. Ladutsa mpata wa pakati. Mkulu wa mpingo walilandira, walipereka kwa ogulitsa sopo, iwo alipereka kwa ine. Chitenje chatsatira njira yomweyo.

Palibe waseka. Abusa sanaimitse ulaliki n'komwe. Zikuoneka kuti nkhaniyi mudzi unaigamula kale, ndipo palibe chifukwa chokanira chigamulo chimene umboni wake uli poyera.

Ndavula jekete, ndawerama, ndamanga ndekha. Ulaliki wotsala ndaumvera kumbuyo kwa tchalitchi, kumene amaima azimayi a makanda. Mmodzi wasendera pang'ono kundipatsa malo, ndipo tonse tikugwedezeka mbali imodzi.