Chikalata cha Malipiro pa Loji ya a Medson

"Mbava yeniyeni sithyola loko, aise. Mwini wake amaitsegulira yekha," anatero Douglas, amene amadzitcha Injiniya ngakhale kuika mabatire mu wailesi kumamuvuta. Anali pa chibuku ku Chikanda ndi mnzake Prosper, wotchedwa Kamphepo chifukwa cha liwiro.

Pulani inali iyi. Pamwamba pa phiri pali loji ya a Medson. Lamulo limati bwana amate pakhoma chikalata cha malipiro otsikitsitsa kuti antchito aziwerenga. A Medson chawo ankachitsekera mu sefa yachitsulo pamodzi ndi ndalama.

Injiniya anapitiriza: "Tivala mataye, tikati ndife a Leba, a boma oona za ntchito. Mdala akatsegula sefa, iwe dzanja mkati, kenako liwiro. Dilu yatheka!"

M'mawa mwake anakwera phiri pa njinga yamoto, mataye obwereka akuuluka.

"A Leba! Chikalata chili kuti?" anakuwa Injiniya.

A Medson thukuta kamukamu. "Chinagwa ndi mphepo, bwana, ndinangochisunga." Anatsegula sefa, natulutsa chikalata chachikulu cha mu felemu, n'kupatsa Kamphepo. "Tagwirani kaye, ndifune misomali."

Manja onse awiri a wakuba anathera pa felemu.

Pomwepo khomo linadzaza: ochapa, alonda, ndi a Zuhura ophika, chipande chili m'manja.

"Tiwerengereni mokweza, bwana," anatero a Zuhura.

Kamphepo anawerenga. Anthu anagwira pakamwa: ankalandira theka lokha. Anakhazika Injiniya pampando, anamupatsa tiyi ndi cholembera, n'kupanga mzere wa madandaulo. Injiniya ankalemba zopanda mutu, uku akutsinzinira mnzake kuti sefa ili pululu. Koma Kamphepo anali akuwerengabe, chala chikutsata mzere. Atamaliza anakaima kumbuyo kwa a Zuhura.

"Wotsatira! Dzina?" anaitana Injiniya.

"Musadzipusitse, Injiniya, mukundidziwa. Zaka zitatu ndikukugwirirani ntchito. Mbuzi za ku Masongola anasenza ndani? Mapaipi a ku Mulunguzi anakumba ndani? Malipiro ake chibuku mapaketi awiri! Inuyo chikalata chanu munamata pati?"

"Khala chete, chitsiru iwe!"

"Lembani dandaulo langa, bwana. Ndaima pamzere ngati aliyense."

A Zuhura anakiya chitseko, kiyi n'kumanga pa chitenje. "Mbuzi za ku Masongolazo zinali za achimwene anga. Malizani tiyi, apolisi akubwera."

Podikira, a Zuhura anakhoma okha chikalatacho ndi misomali ya denga, a Medson atagwirira felemu. A Leba enieni atabwera anachipeza pomwepo, ndipo a Medson analipira. Kamphepo ali ku ndende pamodzi ndi Injiniya, akufunsabe amene atamve dandaulo lake.

Inu muli ndi antchito, musandichedwetse. Matani chikalatacho lero ndipo lipirani zimene chikunena. Musadikire kuti mbava zidzakumatireni.